Chilombo, Akavalo Anayi ndi Mkangano wa pa Maliro ku Mufakose

Mwezi wathawu tinagona pa maliro a mayi wina wa mumpingo mwathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo monga mwa mwambo, amayi anali m'nyumba ya siwa akuimba nyimbo za m'buku, pamene ife amuna tinazungulira moto panja, ena pa mabenchi obwereka kutchalitchi, ena pa njerwa. Itakwana cha m'ma 1 koloko usiku, tiyi atatha ndipo tulo titayamba kuvuta, mnyamata wina anatulutsa foni yake n'kutionetsa kanema amene anamulandira pa WhatsApp. M'kanemayo mlaliki wina ankanena motsindika kuti ndalama za pafoni, ziphaso zojambula zala ndi nkhondo za ku Middle East ndi umboni wakuti chilombo cha m'buku la Chivumbulutso chafika kale, ndipo kuti kwangotsala zaka zowerengeka kuti lipenga lilire. Amalume anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata m'nthawi ya Chitaganya ndipo tsopano apitirira zaka 80, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine nati, "Mphwanga, akavalo onse anayi a m'bukumo anadutsa kale m'Harare muno mu 2008, ndipo ine ndinawaona ndi maso angawa, koma mpaka lero dzuwa likutulukabe kum'mawa."

Mawu amenewa anautsa mkangano umene unafika mpaka tambala woyamba. Ine sindinayankhule zambiri, chifukwa pa maliro si malo otsutsana ndi akuluakulu, komanso nkhani ngati imeneyi siitheka kuilongosola anthu asanu akuyankhula nthawi imodzi. Sindine m'busa ndipo sindinapite ku sukulu ya ubusa. Ndine munthu wophunzitsa a kalasi mumpingo, amene wakhala zaka zambiri akuwerenga Danieli ndi Chivumbulutso pamodzi ndi mbiri ya nthawi imene mabukuwa akunena. Zimene ndinalephera kunena pamoto paja ndizilemba pano.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ambiri okonda kulalikira za chilombo amayambira pa chaputala 13, ngati munthu wofika pabwalo mlandu uli pakati n'kuyamba kugamula. Woyambira pa chiyambi amapeza kuti bukuli limadzifotokoza lokha. Ndi kalata, yolembedwa ndi Yohane ali pa chisumbu cha Patmos, yopita ku mipingo isanu ndi iwiri yotchulidwa maina: Efeso, Smurna, Pergamo, Tiyatira, Sarde, Filadelfeya ndi Laodikaya, mizinda imene mabwinja ake ali kumadzulo kwa dziko la Turkey. Ndime yachitatu ya chaputala choyamba imadalitsa munthu mmodzi wowerenga ndi anthu ambiri akumva, kusonyeza kuti kalatayi inkawerengedwa mokweza mumsonkhano, monga momwe timawerengera kalata ya ku Sinodi pa Sabata. Ndime yomweyo imati nthawi yayandikira, ndipo chakumapeto, pa 22:10, Yohane akuuzidwa kuti asamate mawu a ulosiwo, mosiyana ndi Danieli amene anauzidwa kutseka ndi kumata buku lake kufikira nthawi ya chimaliziro. Liwu lachigiriki limene bukuli limayamba nalo limatanthauza kuvundukula chinthu chovindikiridwa. Ngati akhristu a ku Smurna, osauka ndi ozunzidwa, analandira kalata yofotokoza makadi a kubanki ndi makompyuta, ndiye kuti kwa iwo palibe chimene chinavundukulidwa, ndipo dalitso lolonjezedwa kwa akumva ndi kusunga mawuwo linali lopanda pake kwa zaka pafupifupi 2,000.

Irenaeus, bishopu wa ku Lyon amene analemba cha m'ma 180, ananena kuti masomphenyawa anaonedwa chakumapeto kwa ulamuliro wa Domitian, amene analamulira Roma kuchokera mu 81 mpaka 96, ndipo ophunzira Baibulo ambiri amatsata zimenezi, ngakhale ena amaika bukuli pafupi ndi nthawi ya Nero. Dera limene kunali mipingoyo linali lotchuka pa kupembedza mfumu ya Roma. Ku Pergamo kunamangidwa kachisi wa Roma ndi Augustus kuyambira mu 29 BC, ndipo n'kumeneko kumene Yohane akuti kuli mpando wachifumu wa Satana, kumenenso Antipa, mboni yokhulupirika, anaphedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani Yohane sanangonena poyera? Ife Achewa sitiyenera kuvutika ndi funso limeneli, pakuti chiyankhulo chathu n'chodzala ndi zining'a ndi mawu okuluwika. Mkulu akati mtengo waukulu wagwa m'mudzi, palibe amene amathamangira nkhwangwa kukawaza nkhuni. Akati mwana wagwa mumtengo wa papaya, amayi amadziwa chimene chachitika ndipo safunsa ngati wathyoka mwendo. Amene anakhala ku Malawi m'zaka za chipani chimodzi amakumbukira momwe oimba ndi alakatuli ankabisira mawu m'nkhani za nyama ndi za mvula, womva n'kumva, wosamva n'kungovina. Mabuku a mtundu wa Chivumbulutso anali ndi kayankhulidwe kotere pakati pa Ayuda kwa zaka mazana angapo. Ufumu unkajambulidwa ngati chilombo, mfumu ngati nyanga, mtundu wa anthu kapena mzinda ngati mkazi, ndipo nyanja inkaimira chipwirikiti chimene zoipa zimatulukamo. Sikuti kunali kubisa chabe poopa akazitape, chifukwa Mroma aliyense akanazindikira mzinda wokhala pa mapiri asanu ndi awiri wa pa 17:9, umene ndime yomaliza ya chaputala chomwecho imati ndi mzinda waukulu wolamulira mafumu a dziko. Cholinga chachikulu chinali kuonetsa chinthu mmene Mulungu amachionera. Roma ankadzijambula pa ndalama zake ngati mkazi waulemu wokhala pa mapiri ake; Yohane anamujambula ngati mkazi wadama woledzera ndi mwazi wa oyera mtima, n'kumutcha Babulo, dzina la mzinda umene unagwetsa kachisi woyamba wa ku Yerusalemu mu 586 BC, pakuti nayenso Roma anali atagwetsa kachisi wachiwiri mu 70.

Zithunzi zimenezi Yohane sanazipeke yekha, ndipo apa ndi pamene alaliki a pafoni amasochera kwambiri. Chilombo cha pa 13:2 chikufanana ndi nyalugwe, mapazi ake ndi a chimbalangondo, pakamwa pake ndi pa mkango, ndipo chili ndi nyanga khumi. Wowerenga Danieli 7 amazindikira pomwepo kuti Yohane watenga zilombo zinayi za Danieli n'kuziumba kukhala chimodzi, ngati akunena kuti nkhanza za maufumu onse akale zasonkhana mu ufumu uwu. Danieli mwiniwake amamasulira zina mwa zithunzi zake osasiya mpata wongoganizira: pa 8:20-21 nkhosa yamphongo ya nyanga ziwiri ndi mafumu a Mediya ndi Perisiya, ndipo tonde ndi mfumu ya Girisi. Nyanga yaikulu yothyoka, m'malo mwake n'kuphuka zinayi, ikugwirizana ndi Alexander, amene anamwalira mu 323 BC ufumu wake n'kugawanika pakati pa akazembe ake. Chonyansa cha kupululutsa chimene Danieli akutchula, Ayuda anachiona mu 167 BC pamene Antiochus IV anadetsa guwa la nsembe ku Yerusalemu. Komabe Yesu, pa Marko 13:14, anatenga mawu omwewo n'kulozanso kutsogolo. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene imandiletsa kunena kuti zonse zinathera kale m'mbuyomo.

Tsopano za 666, chiwerengero cha chilombo, pakuti ndi pamene mkangano wa pamaliro unafika potentha. Agiriki ndi Ayuda analibe manambala olembedwa padera monga athuwa. Zilembo zomwezo za alifabeti zinkagwiranso ntchito ya manambala, choncho dzina lililonse linali ndi chiwerengero chake munthu akaphatikiza zilembo zake. Yohane akunena poyera pa 13:18 kuti wanzeru awerengere, pakuti ndi chiwerengero cha munthu. Dzina lakuti Neron Kaisar likalembedwa m'zilembo za Chihebri limapereka 50, 200, 6 ndi 50 pa dzina loyamba, kenako 100, 60 ndi 200 pa lachiwiri, ndipo zonse pamodzi ndi 666. Wina anganene kuti ndi masamu otere munthu angathe kutulutsa dzina la aliyense amene amamuda, ndipo n'zoona kuti anthu atulutsapo maina a apapa, a Napoleon ndi a Hitler. Koma pali umboni wina umene sugwirizana ndi maina enawo. Mipukutu ina yakale, monga gumbwa lotchedwa Papyrus 115 lopezeka ku Oxyrhynchus ku Egypt ndi Codex Ephraemi, ili ndi 616 m'malo mwa 666, ndipo Irenaeus ankadziwa kale za kusiyana kumeneku ngakhale anakana 616. Dzina la Nero likatchulidwa mwa Chilatini limataya chilembo chomaliza, chimene mtengo wake ndi 50, ndipo 666 kuchotsapo 50 ndi 616. Tiwonjezerepo kuti Nero ndiye anapha akhristu a ku Roma pambuyo pa moto wa mu 64, ndi kuti atadzipha mu 68 kunafala mphekesera yakuti sanafe ndipo adzabwerera kuchokera kum'mawa, mpaka anthu angapo anadzitcha Nero, ndiye kuti mutu wa chilombo wa pa 13:3, wolasidwa bala la imfa koma n'kupola, suonekanso wachilendo. Sindikunena kuti nkhaniyi ndi yotsekeka, pakuti Irenaeus yemweyo sanatchule Nero pa maina amene anayesa. Koma mwa mamasulidwe onse amene ndawamva, awa okha ndi amene amalongosola manambala onse awiri, komanso ndi amene mkhristu wa ku Efeso akanatha kuwapeza ndi zala zake.

Mantha a anthu athu, komabe, sali kwenikweni pa nambalayo. Ali pa ndime ziwiri zoitsogolera, 13:16-17, zonena kuti palibe adzathe kugula kapena kugulitsa wopanda chizindikiro padzanja lamanja kapena pamphumi. Mantha amenewa sindimawaseka, chifukwa ndimadziwa kumene akuchokera. Agogo athu anayenda m'dziko lino ndi chitupa m'thumba, ndipo wopanda chitupa sakanatha kulembedwa ntchito kapena kugona m'tauni mwamtendere. Ana awo obadwira konkuno anakula ndi ziphaso zowatchula kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anadzuka ali opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 anatsegulanso njira kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nafe. Ndalama zogwirika zitasowa kuyambira mu 2016, amayi ogulitsa tomato ku Mbare Musika anayenera kulandira malipiro pafoni kudzera pa EcoCash, ofuna ndi osafuna omwe. Munthu amene moyo wake wonse wadalira kapepala kokhala ndi chidindo safunika kumuuza kawiri kuti kudzabwera chizindikiro choletsa kugula ndi kugulitsa.

Azakhali anga anakana katemera wa Covid-19 pa chifukwa chomwechi. Mu August 2021, boma litalola kuti matchalitchi atsegulidwe kwa okhawo obayitsa katemera, iwo anandiitana nati, "Mwana wa achimwene anga, waona tsopano? Ayamba ndi pakhomo la tchalitchi, mawa adzafika pamsika." Anakhala miyezi osasonkhana ndi anzawo a chigwirizano, akulira m'nyumba, poganiza kuti anzawowo agulitsa miyoyo yawo. Ndinayesa kuwaonetsa kuti m'chaputala 13 ndi 14 chizindikiro sichiyenda chokha, chimayenda pamodzi ndi kulambira chilombo ndi fano lake. Ndinawakumbutsanso Deuteronomo 6:8, pamene Aisraele akuuzidwa kumanga mawu a Mulungu padzanja ndi pakati pa maso, ndi Chivumbulutso 14:1, pamene otsatira Mwanawankhosa ali ndi dzina lake ndi la Atate wake lolembedwa pamphumi pawo. Palibe mlaliki amene amaphunzitsa kuti dzina la Atate lidzadindidwa ndi inki pamphumi pa okhulupirira. Onse amavomera kuti ndi chining'a chonena za mwini wake wa munthuyo. N'chifukwa chiyani tsono chizindikiro chinacho, chimene chikungotsanzira choyambacho, chikhale kachitsulo kolowetsa pansi pa khungu? Dzanja ndi ntchito za munthu, mphumi ndi maganizo ake. Munthu sangalandire chizindikiro cha chilombo mwangozi ali pa mzere kuchipatala, monganso sangakhale wa Khristu mwangozi.

Mbiri imatithandiza kuona mmene chinthuchi chinkaonekera. Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa Bithynia, analembera mfumu Trajan kuti ankayesa oimbidwa mlandu wa chikhristu powalamula kupereka lubani ndi vinyo pamaso pa fano la mfumu ndi kutukwana Khristu, ndipo wochita zimenezi ankamasulidwa. Mu 250 mfumu Decius inalamula kuti anthu onse apereke nsembe kwa milungu ndi kulandira kalata yaumboni, ndipo makalata ena otere anapezeka ku Egypt. Izi zinachitika Chivumbulutso chitalembedwa kale, koma zikuonetsa mtundu wa chiyeso chimene Yohane ankachiona chikubwera: munthu akudziwa bwino chimene akufunsidwa, ndipo asankhe pakati pa mkate ndi Mbuye wake. Chiyeso chotere sichinathe ndi Roma. A Mboni za Yehova ku Malawi, amene pa ziphunzitso zambiri sindigwirizana nawo, analetsedwa mu 1967, ndipo m'zaka zotsatira anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula khadi la chipani, khadi limene munthu ankafunsidwa polowa mumsika kapena pokwera basi. Ngati tikufuna chitsanzo cha kwathu cha Chivumbulutso 13:17, chimenecho chili pafupi kwambiri kuposa katemera, ndipo n'zochititsa manyazi kuti ambiri a ife a mipingo ina tinangoyang'ana kumbali.

Amalume aja ananena zoona kuposa mmene iwo eni ankaganizira. Wokwera pa kavalo wakuda pa 6:5-6 wanyamula muyeso, ndipo mawu akulengeza kuti muyeso umodzi wa tirigu ugulidwa ndi dinari, ndiye kuti malipiro a tsiku lathunthu akungokwanira chakudya cha munthu mmodzi, pamene mafuta ndi vinyo siziyenera kukhudzidwa. Ife amene tinali muno mu 2008, pamene boma lomwe linalengeza kuti mitengo yakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pofika mu July, sitifunika womasulira ndime imeneyi. Tinkalandira malipiro m'mawa, madzulo osakwana mtengo wa basi wobwerera kunyumba, mashelefu a m'masitolo ali mbee, koma amene anali ndi ndalama zakunja akudya monga kale. Kavalo wotumbuluka tinamuonanso, pamene kolera inayamba mu August chaka chomwecho n'kupha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, ndipo Budiriro, pafupi ndi ife pomwepa, inali pakati pa malo okanthidwa koopsa. Pomwe amalume analakwitsa ndi poganiza kuti popeza akavalowo anadutsa ndipo dziko silinathe, ndiye kuti bukulo linanama kapena lilibenso ntchito. Akavalo amenewa akhala akuthamanga kuyambira m'masiku a Yohane. Yesu yemwe, pa Marko 13:7-8, anati nkhondo, zivomezi ndi njala ziyenera kuchitika koma chimaliziro sichinafike, ndipo anazitcha chiyambi chabe cha zowawa za kubala. Ndime imene inaperekedwa kuti anthu asatekeseke ndi imene lero ikugwiritsidwa ntchito kuwatekesa.

Pali ndime ina imene sindinamvepo ikulalikidwa m'makanema a pafoni, mwina chifukwa ilibe nambala yoti munthu aseweretse. Pa 18:11-13 amalonda akulira Babulo atagwa, ndipo Yohane akundandalika katundu amene sadzagulidwanso: golide, siliva, ngale, nsalu zofiirira, silika, minyanga ya njovu, mkuwa, chitsulo, zonunkhira, vinyo, mafuta, tirigu, ng'ombe, nkhosa, akavalo, magaleta, ndipo pamapeto penipeni, pambuyo pa ziweto, matupi ndi miyoyo ya anthu. Mdzukulu wa anthu amene anaona minyanga ndi akapolo zikuwolotsedwa nyanja pa Nkhotakota, amene agogo ake anabwera kudzathyola fodya m'mafamu a eni ndi kukumba malasha ku Wankie, kumene mu June 1972 anthu oposa 400 anafera pansi pa mgodi tsiku limodzi, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, sayenera kudutsa ndime imeneyi mothamanga. Mlandu wa Babulo ndi wakuti anaika munthu pa mndandanda wa katundu.

N'chifukwa chake ndimamvera chisoni, osati kunyoza, ena mwa amene anaika masiku. William Miller wa ku America anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14, n'kuwerenga tsiku ngati chaka kuyambira mu 457 BC, ndipo otsatira ake anadikira pa 22 October 1844 mpaka usiku unadutsa. Ena mwa iwo anamasuliranso tsikulo kuti linanena za ntchito ya Khristu m'kachisi wakumwamba, ndipo mwa iwo munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unafika ku Malamulo ku Thyolo mu 1902. Charles Taze Russell, amene anayambitsa gulu la Watch Tower ku America, analoza chaka cha 1914. Chiphunzitso chakecho chinafika kwathu kudzera mwa Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku mishoni ya Livingstonia, amene anakumana ndi mmishonale Joseph Booth ku Cape Town ndi kubwerera kwawo mu 1908. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Nkhata Bay, akulalikira kuti mu 1914 ufumu watsopano udzafika ndipo msonkho udzatha. Boma la atsamunda linamugwira mu 1909 ndi kumuchotsa m'dziko, ndipo sanaloledwe kubwerera kwawo kufikira mu 1937. Uthengawo unayenda ndi anthu a ku Nyasaland obwera kudzagwira ntchito m'migodi ya dziko lino, kotero kuti nkhani imeneyi ndi ya m'banja mwathu ife matchona. Anthu amene anathamangira kwa Kamwana sanali opusa. Anamva bwino lomwe kuti Danieli ndi Yohane akunena za kugwa kwa maufumu odzikuza, ndipo pa mfundo imeneyo anamvetsa kuposa amishoni ena amene ankadumpha machaputala amenewa. Chimene chinawagwetsa ndi kalendala. Chaka cha 1914 chinabwera ndi nkhondo, amuna zikwizikwi anatengedwa kukhala amtengatenga, ndipo msonkho unapitirira.

Za oika masiku a m'nthawi yathu sindichedwapo. Harold Camping, mlaliki wa pa wailesi wa ku America, analengeza 21 May 2011, tsikulo litadutsa n'kulisunthira ku 21 October. Mu September 2025 mafoni athu anadzazanso ndi uthenga wochokera ku South Africa wakuti mkwatulo uchitika pa 23 kapena 24 mwezi womwewo. Koopsa n'kwakuti nthawi zina mapeto ake sakhala manyazi okha: ku Kanungu ku Uganda, gulu lina litaona kuti tsiku lake lalephereka, anthu mazanamazana anafera m'moto pa 17 March 2000, ndipo mitembo ina inapezeka m'maenje pambuyo pake. Yesu anati za tsikulo ndi nthawi yake sadziwa munthu, ngakhale angelo, ngakhale Mwana, koma Atate yekha, ndipo pa Machitidwe 1:7 anakaniza ophunzira ake kufunsa za nyengo. Deuteronomo 18:22 imapereka muyeso wosavuta wa mneneri amene mawu ake sanachitike. Chondidabwitsa n'chakuti mneneri wolephera sataya omutsatira; amangosintha tsiku, ndipo chopereka chimapitirira.

Mnyamata wa foni uja anandifunsa mwaulemu kuti, "Ndiye bambo, mukutanthauza kuti zonse zinachitika kale, ife tisadikire kanthu?" Funso lake ndi loyenera. Akhristu akhala akuwerenga bukuli m'njira zosiyana: ena amati zambiri zinakwaniritsidwa m'nthawi ya Roma, ena, monga ambiri a m'nthawi ya kukonzanso mpingo, ankaliona ngati mbiri ya mpingo yoyalidwa kuchokera kwa atumwi kufikira mapeto, ena amaika pafupifupi zonse kuyambira chaputala 4 m'zaka zochepa zam'tsogolo, ndipo ena amati ndi chithunzi cha nkhondo ya nthawi zonse pakati pa Mulungu ndi zoipa. Njira yachitatuyo ndi imene yadzaza mawailesi ndi mafoni, mwakuti achinyamata amayesa kuti ndiyo yokhayo, chonsecho chiphunzitso chakuti mpingo udzakwatulidwa mwachinsinsi chisautso chachikulu chisanayambe chinafalitsidwa ndi John Nelson Darby cha m'ma 1830, n'kutchuka ndi Baibulo la ndemanga la Scofield la 1909. Augustine sanawerenge zaka 1,000 za chaputala 20 motero, ndipo John Calvin, amene ife a CCAP timamutchula kawirikawiri, analemba ndemanga za mabuku ambiri a Baibulo koma Chivumbulutso sanachilembere.

Ine ndimayambira pa zimene akhristu a mipingo isanu ndi iwiri ija akanamva, chifukwa mawu sangatanthauze kwa ife chinthu chotsutsana ndi chimene anatanthauza kwa eni kalata. Koma sindithera pomwepo, ndipo chifukwa chake ndi chija ndinachisiya m'mbuyo: Yesu anatenga chonyansa cha Danieli, chimene chinali chitaoneka kale m'masiku a Antiochus, n'kunena kuti chidzaonekanso. Yohane anatcha Roma dzina la Babulo amene anali atagwa zaka mazana ambiri m'mbuyomo. Baibulo lenilenilo likutiphunzitsa kuti chilombo chimafa n'kuphukanso ndi nkhope ina, ndipo kalata yoyamba ya Yohane imati okana Khristu ambiri afika kale. Choncho n'koyenera kufunsa m'badwo uliwonse kuti ndi mphamvu iti imene ikufuna ulemu woyenera Mulungu yekha, ndipo ndani akudya phindu la Babulo. Kubweranso kwa Ambuye, kuuka kwa akufa, chiweruzo ndi moyo wosatha ndimazidikira monga timavomerezera m'Chikhulupiriro cha Atumwi Sabata lililonse. Chimene ndimakana ndi kusandutsa bukuli ndandanda ya nthawi ya mabasi. Ndimaonanso kuti wowerenga amene maso ake ali pa chilombo chokha waphonya pakati pa bukuli, pakuti pa chaputala 5 Yohane akumva kuti mkango wa fuko la Yuda wapambana, koma atacheuka akuona Mwanawankhosa wooneka ngati wophedwa, ndipo kuyambira pamenepo dzina limeneli likubwerezedwa nthawi 28 ponena za Khristu, pamene 666 yatchulidwa kamodzi kokha.

Kutacha tinaperekeza mayi uja kumanda a Granville, amene anthu amangoti ku Mbudzi. Abusa anawerenga Chivumbulutso 21, za Mulungu wokhala pamodzi ndi anthu ake ndi kuwapukuta misozi yonse, poyamba m'Chichewa cha Buku Lopatulika, chija cha 1922 chimene malemuwo anakula nacho, kenako m'Chishona chifukwa cha adzukulu amene chiyankhulo cha agogo awo amangochimva pang'ono. Palibe amene anatsutsana za ndime imeneyo. Pobwerera, m'basi, amalume anandikoka dzanja nati masamu a Nero aja sanawamvetse bwino usiku chifukwa cha phokoso, ndipo akufuna ndiwalembere papepala zilembo zisanu ndi ziwirizo ndi manambala ake kuti akaphatikize okha. Ndinawalembera kuseri kwa pulogalamu ya maliro. Tinapangana kuti Lachinayi likudzali, pa mapemphero a kumlaga, tidzawerenga Danieli 7 yense kenako Chivumbulutso 13 mokweza, osadumpha ndime, ndipo mnyamata wa foni uja wavomera kuti ndiye adzawerenge.